ULENDO WA KU LUSAKA PA NYENGO YA CIONETSERO CA ZAULIMI

Mwezi wa Julayi ukamapita kumapeto, mphepo ya mwera itayamba kuulutsa mapesi m'minda, m'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa mumamveka nkhani ya ulendo wa ku Lusaka. Cimanga cili m'nkhokwe, nshawa zauma, thonje ndi soya zapita kumsika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'caka mlimi ali ndi kandalama m'thumba pamodzi ndi masiku amene khasu silimfuna. Ndiyo nyengo imene mwana kapena mphwake wokhala m'tauni amatuma mau akuti, "Atate, bwerani ndi amai mudzaone Cionetsero."

Cionetsero ca Zaulimi ndi Zamalonda cimacitikira pa bwalo la Showgrounds, m'mbali mwa mseu wa Great East. Cimatenga masiku angapo ndi kutha pa Tsiku la Alimi, limene ndi Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti. M'caka ca 2020 sicinacitike kaamba ka mliri wa Covid-19, koma citayambanso anthu anabwerera mwaunyinji monga kale. Pa masiku amenewa mzinda wa Lusaka, umene pa kalembera wa 2022 unapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni, umalandiranso alendo ocokera m'zigawo zonse khumi za dziko lino.

Ulendo wotere uli ndi mbali ziwiri. Pali mabanja amene amabwerako ndi mbeu yabwino, nzeru zatsopano ndi nkhani zosimba mpaka dzinja. Palinso ena amene amabwerako cimanjamanja, ndalama ya feteleza itathera m'mabasi ndi m'zakumwa, ana atangoona fumbi ndi misana ya anthu, cibale ndi mwini nyumba wa m'tauni citazirala. Kawirikawiri a gulu laciwirili anali ndi ndalama zofanana ndi anzao aja. Cimene anasowa ndico kukhala pansi ndi kuwerenga masiku, njira ndi makwaca asanatseke citseko.

POSANANYAMUKE

Mlimi wanzeru amayamba wapatula ndalama ya mbeu, ya feteleza ndi ya zofunika za ana kusukulu, naisiya kumudzi. Pa imene yatsala amamanga padera ya basi yobwererera, ndipo imeneyi sakhudza ngakhale zitabvuta cotani. Yacitatu ndiyo yoyendera m'tauni. Ambiri masiku ano amasungira ndalama mu foni, ndipo ndi njira yabwino koposa kumanga pa nsonga ya citenje, malinga nambala yacinsinsi isauzidwe kwa munthu aliyense wodzipereka kuthandiza. Citupa ca NRC cisatsale, pakuti m'malo ambiri oonerera nzika za dziko lino zimalipira mtengo wocepa poyerekeza ndi alendo akunja.

Kenaka pali nkhani ya mwini nyumba, imene anthu ambiri amacita nayo manyazi kuikamba. Wacibale wokhala m'mafulati a ku Kabwata kapena m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chelstone amagula ciliconse: ufa, malasha, madzi, magetsi, ngakhale tomato mmodzi. Iye sadzanena, cifukwa mwambo sulola kuwerengera mlendo nsima, koma anthu asanu ofika mosadziwitsa angathe kumaliza malipiro ace a mwezi m'masiku anai. Cotero ndi bwino kumuuziratu ciwerengero ca obwera ndi tsiku lobwerera, ndiponso kunyamula thumba la ufa, nshawa, nyemba, mfutso ndi tambala mmodzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Masiku anai kapena asanu ndi okwanira kuona Cionetsero, pakati pa mzinda ndi malo amodzi a kunja kwake.

Mabasi a ku Lundazi, Chipata, Katete ndi Petauke amanyamuka mbandakuca. Kucokera ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo ulendowo umadya tsiku lonse la nchito. Basi ikapitirira Nyimba ndi Kacholola imatsika m'mapiri okhotakhota kufikira pa ulalo wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968. Pa msika wa tsidya lija pamakhala nsomba zouma, madengu, mphasa ndi masau, amene nyengo yace ndi yomweyi. Nsomba ya pa Luangwa ndi mphatso imene mlamu wa m'tauni saiiwala msanga. Kucokera apo ndi Rufunsa, Chongwe, kenaka mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo thanki lalitali la madzi la ku Chelstone likaoneka, ndiye kuti Lusaka yayamba. Amene wacibale wace ali ku Chelstone kapena ku Avondale apemphe kondakitala kuti amtsitsire komweko, kusiyana ndi kupita mpaka m'tauni ndi kulipiranso galimoto yobwerera ndi matumba.

Ena onse amatsikira pa Intercity, sitesheni yaikulu ya mabasi ya mu mseu wa Dedan Kimathi, dzina la msilikali wa ufulu wa ku Kenya amene anapacikidwa ndi Angerezi mu 1957. Pamenepa ndi pamene dziko lonse limakumana. Mabasi a ku Kitwe, Mongu, Kasama, Livingstone, Nakonde, Lilongwe ndi Johannesburg amaima mophathikizana, ndipo anyamata oitanira anthu, amene m'tauni amachedwa ang'wang'wazi, amathamangira mlendo asanaponde n'komwe pansi. Munthu wa kumudzi amene anazolowera kuyankha moni wa aliyense amatopa m'mphindi zisanu. Cofunika ndi kutsika modekha, kuima pafupi ndi basi mpaka katundu yense atatuluka, kumuwerenga, ndi kudikira wacibale pamalo amodzi. Wofuna womnyamulira katundu ayambe wapangana naye mtengo. Wosowa njira afunse ku ofesi yogulitsira matikiti kapena kwa wapolisi wobvala yunifomu. Safunsa anadya phula, komabe pa Intercity ndi bwino kusankha womfunsa.

Ciyankhulo sicidzabvuta kwenikweni. Cinyanja cinakhazikika mu Lusaka kaamba ka anthu a kum'mawa amene anabwera kudzafuna nchito, ndiponso cifukwa cinali ciyankhulo ca apolisi m'nthawi ya atsamunda. Koma Cinyanja ca m'tauni n'cosakanizika ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi, mwakuti nkhalamba ya ku Chadiza ingadabwe kumva mdzukulu wace akuyankhula mau amene theka lace siikuwadziwa. Zimenezi zisakhumudwitse munthu. Wogulitsa aliyense amamva Cicewa ca kumudzi bwino lomwe, ndipo ena amacikondwerera cifukwa cimawakumbutsa kwao.

TSIKU LA PAKATI PA MZINDA

Tsiku loyamba ndi labwino kuyenda pansi, m'mawa dzuwa lisanakwere. Mwezi wa Ogasiti kumazizira mbandakuca, pakuti Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo masana kumaomba mphepo ya fumbi. Juzi ndi botolo la madzi abwino akumwa n'zofunika.

Mzinda wonsewu unayamba ngati kasitesheni ka njanji mu 1905, pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka. Mu 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu kucokera ku Livingstone kubwera pano, popeza ndi pakati pa dziko pamene miseu ya kum'mawa, kumpoto, kumadzulo ndi kum'mwera imakumana. Kucokera pa Intercity munthu amaoloka njanji pa ulalo ndi kutsikira mu Cairo Road, mseu umene azungu anaucha motero polota njira yocokera ku Cape Town kukafika ku Cairo. Kumapeto kwace kwa kum'mwera kuli Findeco House, nyumba ya nsanjika 23 imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo capakati pali Banki ya Zambia ndi Positi Ofesi yaikulu. Ana ayenera kuuzidwa kuti m'masitolo ena a mseu umenewu agogo ao sanali kuloledwa kulowa pakhomo. Anali kugulira pa kazenera ka m'mbali, mpaka pamene cipani ca African National Congress, motsogozedwa ndi a Harry Mwaanga Nkumbula, cinalimbikitsa anthu kunyanyala mabuchala ndi masitolo otere m'zaka za m'ma 1950. Miseu ya kuseri kwace imasimba mbiri yomweyo ndi maina ace: Chachacha, pokumbukira cipolowe ca 1961, Freedom Way, ndi Lumumba.

Kupitirira pamenepo kuli City Market ndi Soweto, kumene alimi amatsitsa tomato, anyezi ndi kabichi usiku. Mlimi wa dimba angaphunzire zambiri pongoima ndi kumvetsera mitengo. Koma kumeneko si malo opitako ndi ana ang'onoang'ono pa mlungu wa Cionetsero, ndipo kugula zobvala, zitenje ndi mapoto ku Kamwala kusungidwe mpaka tsiku lomaliza, pamene munthu wadziwa cimene catsala m'thumba.

Kum'mawa kwa njanji, mu Independence Avenue, muli Cifanizo ca Ufulu: mwamuna wotukula manja, maunyolo ataduka. Cinaimikidwa mu 1974 pa cikondwerero ca zaka khumi za ufulu, ndipo cinapangidwa potengera a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, mmodzi wa anyamata a UNIP amene anamangidwa pa nkhondo ya ufulu. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuciona pa ndalama za pepala, koma kuima pansi pace n'kosiyana. Pambali pace pali Nyumba Yosungiramo Zakale ya Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1996 m'nyumba zimene poyamba zinamangidwira likulu la cipani ca UNIP. Pansi pali zithunzi ndi zosema za amisiri a dziko lino. Pamwamba pali mbiri ya anthu kuyambira kalekale, nkhani ya cigaza ca munthu wakale cimene cinafukulidwa mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 ndipo cinatengedwa kupita ku London, zida za makolo, zithumwa za asing'anga ndi mapepala a nthawi ya nkhondo ya ufulu. Mlendo wa kumudzi angaseke kuona mtondo, nkhali ndi lichero zitaikidwa poonetsa ngati zodabwitsa, pamene iye wasiya zomwezo pakhonde dzulo lace. Aleke kuseka poona ana a sukulu a m'tauni akufunsa nchito yace.

KABWATA NDI CHILENJE

Ngati pali malo amene munthu wa kum'mawa sayenera kuphonya, ndi mudzi wa zamiyambo wa Kabwata mu Burma Road, mtunda waufupi kucokera ku Kamwala. Poyang'ana koyamba ndi msika cabe wa zosemasema: ng'oma, mipando, njobvu za mtengo, mikanda, madengu ndi nsalu. Koma tinyumba tozungulira ta udzu timene amisiriwo amagwiriramo nchito tili ndi mbiri yowawa. Boma la atsamunda linamanga tinyumba totere mazana angapo m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kuti mukhale anchito acikuda amene anali kumanga likulu latsopano. Kanyumba kalikonse kanali ka cipinda cimodzi, pakuti malamulo a nthawiyo anali kuona Mwafirika ngati mlendo m'tauni, wobwera yekha ndi citupa, wogwira nchito kuti apeze ya msonkho, ndi wobwerera kumudzi mphamvu zikatha. Mkazi ndi ana anali kuyembekezeka kutsala kumudzi.

Ambiri mwa amuna amenewo anacokera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ku Petauke ndi ku Lundazi. Ena anayenda pansi masabata angapo, kuoloka Luangwa, mphasa ili pamutu. Ena anabwerera ndi njinga ndi bulangeti. Ena sanabwererenso, nachedwa machona, ndipo m'midzi yambiri mukadali nkhalamba zimene zimakumbuka malume amene anapita ku Lusaka osamvekanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 tinyumbato tinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati amene aima pambali pace lero, koma 43 tinasiyidwa, ndipo mu 1974 tinasandutsidwa malo a zamiyambo. Munthu akawerama kulowa m'kamodzi, natambasula manja kuona kucepa kwace, amamvetsa zimene agogo sanali kufotokoza pobwera ku chuti. Kuona sikukakamiza munthu kugula, ndipo wofuna kugula asaope kunenerera mtengo mwaulemu. Amisiriwo amadziwa kusiyanitsa mlendo wa ndege ndi mlendo wa basi.

Kupitirira Kabwata ndi Libala kuli Chilenje, kumene kuli nyumba nambala 394. M'nyumba imeneyi munakhala a Kenneth Kaunda ndi banja lao kuyambira mu Januwale 1960, atangotuluka m'ndende, kufikira mu Disembala 1962. Ndi kanyumba wamba ka m'komboni, ndipo mipando ndi ziwiya zasungidwa monga zinalili. Panja paima galimoto ya Land Rover imene inali kuyenda m'midzi pa nchito ya cipani. Misonkhano imene inagwedeza boma la Federesheni inali kucitikira m'cipinda cimene sicingakwane anthu khumi okhala momasuka. Mwana wa sukulu amene waloweza caka ca 1964 m'buku ayenera kupondamo.

Wotsala ndi mphamvu angabwerere mu Independence Avenue kuona chalichi cacikulu ca Anglican ca Holy Cross, ca m'ma 1960, Khoti Lalikulu, ndi Embassy Park moyang'anana ndi Cabinet Office. Pamenepa panagonekedwa atsogoleri a dziko: a Levy Mwanawasa mu 2008, a Frederick Chiluba mu 2011, a Michael Sata mu 2014, a Kenneth Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022. Manda a a Mwanawasa anamangidwa ngati mpando wacifumu wa miyendo inai. Ndi malo aulemu, ndipo ana auzidwiretu kuti si pabwalo la masewera. Mseu womwewo umapitirira pa State House, pamene sipaloledwa kuima kapena kujambula zithunzi, ndi kukafika ku Woodlands.

Za Woodlands ndi Kabulonga palibe zambiri zonena. Ndi kumayadi kumene kale kunali kukhala azungu okhaokha, ndipo lero mlendo woyenda pansi amangoona mipanda itali-itali, zipata zacitsulo ndi mitengo ya jakaranda. Ndi kokongola kupyolako pa minibasi, makamaka kuti munthu ayerekeze ndi tinyumba ta ku Kabwata tija, pakuti zonsezi zinaikidwa pa pulani imodzi ya mzinda. Okonda mpira angafunse ngati pali masewera pa bwalo la Woodlands, kwao kwa timu ya City of Lusaka. Koma kutaya tsiku lathunthu m'masitolo akuluakulu a kumeneko ndi kuononga nsapato ndi ndalama.

TSIKU LA CIONETSERO

Funso lalikulu ndi lakuti munthu apite tsiku liti. Pa Ciweru, pa Sondo ndi pa Tsiku la Alimi anthu amadzaza mwakuti pa cipata pokha pangathe ola lathunthu. Mwambo wotsegulira, pamene mtsogoleri wa dziko amayendera zoonetsedwa, nthawi zambiri limodzi ndi mlendo wolemekezeka wa dziko lina, umakokanso khamu. M'bwalo lalikulu mumakhala magulu a nyimbo, asilikali oguba ndi zisudzo, ndipo acinyamata amakonda zimenezi. Koma mlimi amene wabwera kudzaphunzira apite pa masiku oyamba a pakati pa mlungu, m'mawa, pamene alangizi asanatope ndipo ali ndi nthawi yoyankha mafunso. Banja lokhoza kulipira kawiri lingapite tsiku la nchito kaamba ka atate ndi amai, ndi tsiku la cikondwerero kaamba ka ana. Losakhoza lisankhe tsiku la nchito, pakuti ng'ombe, mathirakitala ndi zoseweretsa ana zimakhalapo masiku onse.

Atalowa, ayambire ku makola a ziweto dzuwa lisanatenthe. Kumeneko kuli nkhunzi za mitundu monga Boran ndi Brahman, ng'ombe za mkaka, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Mlimi wa ku Katete adzanyadira kudziwa kuti ng'ombe ya linunda imene ali nayo m'khola, imene akatswiri amaicha Angoni, ndi mtundu wolembedwa m'mabuku ndipo imalemekezedwa kaamba ka kupirira kwace. Nkhunzi yonenepa ya pa famu yaikulu imakopa maso, koma funso loyenera kufunsa mwini wace ndi lakuti imadya ciani m'mwezi wa Okutobala, ndipo imalowa m'dibi kangati. Yankho lace limabweza mtima wa munthu pa ng'ombe zace.

Kenaka apite ku timinda ta citsanzo ta makampani a mbeu ndi ku malo a Unduna wa Zaulimi. Cilala ca nyengo ya 2023 mpaka 2024, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, cinaphunzitsa anthu kufunsa za cimanga cocha msanga, mapira, cinangwa ndi mapampu a madzi oyendera dzuwa. Mbozi zoononga cimanga zimene zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016 zikadali bvuto, ndipo pano ndi pamene munthu angafunse za kapoperedwe koyenera. Amai olima nshawa adzapeza kuti mbeu monga MGV4 ndi MGV5 zinacokera kwao komwe, pa malo ofufuzira a Msekera pafupi ndi Chipata. Mlimi atenge kabuku ndi pensulo, alembe dzina la mbeu, masiku amene imatenga kuti ice, ndi sitolo ya m'boma lace kumene ingapezeke. Timinda ta pa Cionetsero timathiriridwa ndi kudyetsedwa feteleza mosaumira, cotero cimanga cace sicifanana ndi ca pa mcenga wa kumudzi. Wogulitsa aliyense amatama cace. Cimene walemba akacionetse kwa mlangizi wa kwao asanatulutse ndalama yambiri.

M'bwalo lomwelo muli nyumba ya zojambula ya Henry Tayali, yochedwa ndi dzina la mmisiri wochuka amene anamwalira mu 1987, ndipo ndi malo abwino opumirako phokoso. Zakudya za m'kati n'zokwera mtengo, motero mbatata yophika, nshawa zokazinga ndi botolo la thobwa zocokera kunyumba zimapulumutsa thumba. Cakudya cogula cikhale cotentha, ndipo manja asambidwe ndi sopo. Anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala.

Ana ndiwo nkhawa yaikulu. Caka ciliconse zokuzira mau zimaitana makolo a ana osokera. Mwana aliyense aikiridwe m'thumba kapepala kolembedwa dzina lace ndi nambala ya foni ya wacibale, ndipo banja lipangane malo amodzi oonekera patali pokumanirana wina akasowa. Ndi bwinonso kutuluka dzuwa likadalipo, pakuti madzulo minibasi za mu Great East zimadzaza ndipo oledzera amacuruka.

Potuluka, maso aone pa citunda ca Manda Hill, pamene paima Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 1967. Capafupi pali Mulungushi, nyumba ya misonkhano imene inamangidwa mofulumira kaamba ka msonkhano wa maiko osatenga mbali wa mu 1970. Opita ku Chelstone amapyola pa Yunivesite ya Zambia, imene inayamba mu 1966. Kholo limene lili ndi mwana wa Giredi 12 lisadandaule kutsika pamenepo ndi kuyenda naye pang'ono m'mbali mwa timadamu ta Goma, kuti aone ndi maso ace kumene mabuku angamfikitse.

KUNJA KWA MZINDA

Tsiku limodzi lotsala lingaperekedwe ku ulendo wopita ndi kubwera. Wapafupi ndi wochipa ndi wa ku Munda Wanga ku Chilanga, makilomita pafupifupi 16 mu mseu wa ku Kafue, pakuti minibasi zimapyola pa cipata peni-peni. Mundawu unayambidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi mzungu wina wa boma, Ralph Sander, amene anabzala mitengo ndi maluwa a mitundumitundu naupatsa dzina la Cinyanja limeneli. Ku Chilanga komweko kuli fakitale ya simenti imene inapereka simenti yomangira damu la Kariba, ndiponso Mount Makulu, likulu la kafukufuku wa zaulimi.

Paki ya nyama ya Lusaka, kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda kudzera mu Leopards Hill Road, inatsegulidwa mu 2015 ndipo ndi yaing'ono koposa mapaki onse a m'dziko muno, mahekitala 6,715. Muli mbidzi, nyumbu, nchefu ndi nyamalikiti, ndipo potsegula anaikamo zipembere zoyera. Mulibe mikango. Kuyambira mu 2022 kumasungidwanso ana amasiye a njobvu, amene amai ao anafa, ambiri mwa iwo pophedwa ndi opha nyama mozemba, ndipo alendo amawaona akumwetsedwa mkaka wa m'botolo cakumasana. Kumeneku kumafunika galimoto, motero mabanja awiri kapena atatu asonkherane ndi kupangana mtengo wopita, wodikira ndi wobwerera asanakwere. Munthu wa ku Mambwe, amene amacezera usiku kupirikitsa njobvu m'munda mwace, sangamvetse cifukwa colipirira kuona nyama, ndipo palibe angamtsutse. Koma mwana wa ku Vubwi kapena ku Sinda angakule mpaka kukwatira asanaonepo nyamalikiti. Kwa okhala ku Chelstone kufupi ndi ku Kalimba, kumene amaweta ng'ona ndi kusunga njoka monga nsato ndi mamba, ngakhale kumenekonso kumafuna galimoto.

Ena amalakalaka kukafika ku Siavonga kukaona nyanja ya Kariba. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200, wa mapiri, ndipo wopita ndi kubwera tsiku limodzi pa basi amangoona madzi kwa ola limodzi. Ulendo umenewo usungidwire caka cina. M'malo mwace, okonda mpira apite kumpoto kwa mzinda mu Great North Road, pambali pa bwalo lakale la Independence, pamene panagonekedwa anthu 30, pakati pao osewera 18 a timu ya dziko, amene anafa pa ngozi ya ndege m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon mu Epulo 1993. Mu mzinda womwewo wa Libreville ndi mmene Zambia inatengera cikho ca Afirika mu 2012. Abambo amene anamvera maliro aja pa wailesi kumudzi amaima nthawi yaitali pamenepa, akuwerenga maina mmodzi-mmodzi.

KUBWERERA

Laciwiri lotsatira Tsiku la Alimi aliyense amafuna kubwerera kwao nthawi imodzi, ndipo mipando imasowa. Tikiti igulidwe dzulo lace, pa ofesi ya kampani ya basi mu Intercity, osati kwa munthu woima panja, ndipo pa tikitipo palembedwe tsiku, nthawi ndi nambala ya mpando. Katundu wolemera monga mbeu, mapoto kapena pampu alipiridwe ndi kulembedwa dzina. Foni igone pa magetsi usiku wonse. Mwini nyumba atsanzikidwe madzulo, pakuti m'mawa sipakhala nthawi, ndipo ngati m'thumba mwatsala kanthu, kusiyira mlamu ya malasha si cipongwe.

Basi imatuluka mu Dedan Kimathi kukadali mdima, nipyola pa Showgrounds pamene anchito ayamba kale kugwetsa misasa ndi kukweza ng'ombe m'malole. Dzuwa limatulukira ca ku Chongwe, dziko la Asoli la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II, ndipo pofika pa Luangwa juzi imakhala itabvulidwa. A ku Katete amafika dzuwa litapendeka, napeza anthu ayamba kale kusonkha ufa ndi nkhuni za mwambo wa Kulamba, umene umacitika pa Ciweru comaliza ca Ogasiti ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi.